Nkhono ya m'Botolo: Mlandu wa ku Paisley ndi Udindo wa Wopanga Katundu

M'nyumba zathu zambiri, wogula chinthu si amene amachidya. Bambo akamabwerera kuchokera kumsika atanyamula botolo la chakumwa, paketi ya mabisiketi kapena mankhwala a chifuwa, zimene wanyamulazo zimakathera m'kamwa mwa ana, mwa agogo, kapena mwa mlendo amene watipeza tikumasula swaumu. Tsono tiyerekeze kuti m'botolomo munali chinthu choipa ndipo mwana wadwala. Wagolosale adzanena kuti iye adalandira katunduyo ali wotseka kale. Eni fakitale adzanena kuti mwanayo sakumudziwa ndipo sadamugulitsepo kanthu. Kodi mlanduwo ugwera ndani? Kufikira m'chaka cha 1932, malamulo a ku Britain, amene ndiwo kholo la malamulo ambiri a m'makhoti athu, kawirikawiri ankamasula eni fakitale. Chimene chidatembenuza zinthu ndi mlandu wa mayi wina wosauka ndi nkhono yakufa.

Madzulo a Lamulungu pa 26 Ogasiti 1928, May Donoghue, mayi wa zaka 30 amene ankagwira ntchito yogulitsa m'sitolo mumzinda wa Glasgow ku Scotland, adapita kutauni yoyandikana nayo ya Paisley. Glasgow si dzina lachilendo m'mbiri yathu, pakuti kumeneko n'kumene kunali likulu la African Lakes Company, kampani imene makolo athu ankaidziwa ndi dzina loti Mandala. Atafika ku Paisley, mayiyo adakumana ndi mnzake pamalo odyera otchedwa Wellmeadow Café, ndipo mnzakeyo adamugulira ayisikirimu ndi botolo la ginger beer. Dzinalo lisatisokoneze: chinali chakumwa cha jinja chimene chinkagulitsidwa ngati chozizilitsa kukhosi, osati mowa. Botololo linali la galasi lakuda losaonekera mkati, ndipo linali lotsekedwa kuchokera kufakitale. Mwini malowo adalitsekula n'kuthira theka m'tambula, mayiyo n'kumwa. Malinga ndi madandaulo amene adakaperekedwa kukhoti, pamene mnzakeyo ankathira chotsalacho, mudatuluka nkhono yowola.

Patatha masiku atatu May Donoghue adakaonana ndi dokotala chifukwa cha kupweteka kwa m'mimba, ndipo pakati pa mwezi wa Seputembala adakalandira chithandizo pachipatala cha Glasgow Royal Infirmary. Pabotolo paja panali dzina la wopanga, David Stevenson, amene fakitale yake inali ku Glen Lane m'tauni yomweyo.

Munthu wamba akanati nkhaniyi ndi yosavuta. Koma kwa maloya a nthawi imeneyo, mayiyo analibe poyambira. Sakanasumira mwini malo odyera pa mlandu wa malonda, chifukwa ndalama adalipira ndi mnzake. Sakanasumira Stevenson, chifukwa panalibe mgwirizano uliwonse pakati pa awiriwo. Lamulo linkati munthu angadandaule za kuipa kwa katundu kwa yekhayo amene adapangana naye. Maziko a ganizoli anali chigamulo cha m'chaka cha 1842 pa mlandu wa Winterbottom ndi Wright. Winterbottom anali woyendetsa ngolo ya akavalo yonyamula makalata. Ngoloyo idathyoka pamsewu, iye n'kugwa ndi kulumala. Adasumira Wright, amene anali ndi udindo wosamala ngolozo, koma khoti lidati Wright adapangana ndi akuluakulu a positi, osati ndi woyendetsayo. Oweruza adaopa kuti akalola mmodzi, aliyense wokwera ngakhale wodutsa m'njira adzabwera ndi mlandu wake, ndipo milanduyo sidzakhala ndi malire. Mipata inalipo iwiri yokha: ngati chinthucho chili choopsa mwachibadwa, monga poizoni kapena mfuti, kapena ngati wopangayo ankadziwa za vutolo n'kulibisa. Chakumwa cha jinja sichinali m'gulu loyambalo, ndipo palibe akanatsimikiza kuti Stevenson ankadziwa za nkhonoyo.

Loya amene adautenga mlanduwo, Walter Leechman, ankadziwa bwino kuuma kwa khoma limeneli. Mu Malichi 1929 anali atangoluza milandu ya anthu amene adapeza mbewa zakufa m'mabotolo a chakumwa chomwecho cha kampani ina, A. G. Barr. Mmodzi mwa oweruza pamenepo adanena kuti kungakhale kupanda chilungamo kwakukulu kuti kampani yogulitsa katundu m'dziko lonse la Scotland iziyankha za botolo lililonse. Pasanathe milungu itatu chigamulocho chiperekedwe, pa 9 Epulo 1929, Leechman adatsekula mlandu wa May Donoghue, kupempha chipukuta misozi cha mapaundi 500. Adanena kuti mabotolo a pafakitale ya Stevenson ankasiyidwa pamalo pamene nkhono zikanatha kulowamo, ndipo panalibe njira yodalirika yowayendera asanathiremo chakumwa. Stevenson adakana zonse. Woweruza woyamba, Lord Moncrieff, adalola kuti mlanduwo upitirire. Bwalo la apilo lidakana, potsatira chigamulo cha mbewa chija. Kudatsala bwalo limodzi lokha, lalikulu koposa onse, House of Lords ku London. Mayiyo analibe ndalama zokafikira kumeneko, kotero adalumbira kuti chuma chake chonse padziko sichikwana mapaundi asanu, ndipo adaloledwa kusuma monga mmphawi, maloya ake osalandira malipiro.

Oweruza asanu adamva mlanduwo mu Disembala 1931 ndipo adapereka chigamulo pa 26 Meyi 1932. Atatu, Lord Atkin, Lord Thankerton ndi Lord Macmillan, adaima ndi mayiyo. Awiri, Lord Buckmaster ndi Lord Tomlin, adatsutsa.

Mantha a awiri otsutsawo tisawaseke. Iwo ankafunsa kuti ngati wopanga chakumwa ayankha kwa munthu amene sadamuonepo, nanga womanga nyumba, nanga wosula gudumu la sitima, malire ake adzakhala pati? Funsolo ndi lenileni, ndipo makhoti akulimbana nalo mpaka lero. Koma panali funso lina limene iwo sadaliyankhe: m'ulendo wonse wa botololo, kuchokera ku Glen Lane kufika pamilomo ya mayiyo, ndani anali ndi mwayi woona mkati mwake? Mwini malo odyera analibe. Mnzake wogula uja analibe. Womwayo analibe. Mwayiwo unali ndi munthu mmodzi, amene adatsuka botolo, kuthiramo chakumwa ndi kutseka. Apa ndi pamene padagona chigamulo cha Lord Atkin. Iye adati wopanga katundu amene amamutulutsa m'njira yoti akafike kwa womugwiritsa ntchito ali momwe adachokera kufakitale, popanda mpata woti wina amuyendere panjira, ndipo akudziwa kuti kusasamala kwake kungavulaze moyo kapena chuma cha munthuyo, ali ndi udindo wosamala, kaya pali mgwirizano kaya palibe.

Lord Atkin adapitirira pamenepo. Potengera fanizo la m'Baibulo la Msamariya wachifundo, adafunsa kuti pamaso pa lamulo mnansi wa munthu ndani. Yankho lake linali lakuti ndi aliyense amene zochita zathu zimamukhudza pafupi kotero kuti tiyenera kumuganizira pamene tikuchita zinthuzo. Lamulo silingatikakamize kukonda mnansi, koma lingatiletse kumuvulaza. Mwa njira imeneyi mayi wa ku Glasgow adakhala mnansi wa mwini fakitale amene sadaonanepo naye.

Ife amene tidakulira pa mphasa za madrasa, mawu amenewa satidabwitsa. Qur'an yolemekezeka, mu Surat an-Nisa ndime 36, imatchula mnansi wapafupi ndi mnansi wapatali pakati pa anthu oyenera kuchitiridwa zabwino. Sitikunena kuti woweruza wa ku London adatenga nzeru zake m'mabuku athu, ayi. Adatunga pachitsime cha chipembedzo chake ndi malamulo a dziko lake. Komanso sitinganame kuti maulama akale adalemba za mafakitale a zakumwa, pakuti m'nthawi yawo wogula ankaona ndi maso wophika buledi ndi wosakaniza mankhwala. Chimene tinganene mosakayika n'chakuti fiqh idasiyanitsa kalekale zitseko ziwiri zimene malamulo a ku Britain adaziphatikiza mu 1842.

Chitseko choyamba ndi cha malonda. Muslim adalandira hadisi yonena kuti Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, podutsa pamsika adapisa dzanja mumulu wa chakudya chogulitsa n'kupeza kuti chamkati chinali chonyowa. Wogulitsa adati chidanyowa ndi mvula. Mtumiki adamudzudzula chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo adachitcha chinyengo. Pamaziko ngati amenewa maulama adamanga khiyar al-ayb, ufulu wa wogula wobweza katundu amene wapezeka ndi chilema chobisika. Ufulu umenewu ndi wa wogula yekha kwa wogulitsa wake, ndipo May Donoghue sukanamuthandiza.

Chitseko chachiwiri ndi daman, udindo wolipira zimene munthu waononga, ndipo chimenechi sichifunsa ngati panali mgwirizano. Maulama adasiyanitsa mubashir, amene wavulaza ndi dzanja lake, ndi mutasabbib, amene wachita chinthu chimene pambuyo pake chadzetsa ngozi. Chitsanzo chopezeka m'mabuku a madhhab onse ndi cha munthu wokumba chitsime panjira ya anthu popanda chilolezo. Wodutsa akagweramo usiku, wokumbayo sanganene kuti sakumudziwa, kapena kuti anali kunyumba akugona. Adakambirananso za khoma lopendekera kumsewu limene mwini wake wachenjezedwa koma osaligwetsa, ndi za munthu wochiza anthu pamene sadziwika kuti adaphunzira zachipatala, amene hadisi imamusenzetsa mlandu wa zotsatira zake. Pa mutasabbib, funso limakhala loti kodi adapyola malire kapena adalekerera. Tikaliyang'ana bwino, ndi funso lomwelo limene Leechman ankafunsa za mabotolo a ku Glen Lane.

Panalinso njira yachitatu, yoletsa ngozi isanachitike. M'mizinda ya Asilamu munali muhtasib, woyang'anira misika. Mabuku a ntchito imeneyi, monga la al-Shayzari wa m'zaka za m'ma 1100 ndi la Ibn al-Ukhuwwa wa ku Egypt amene adamwalira mu 1329, amalongosola mwatsatanetsatane zoti wokanda ufa wa buledi aphimbe pakamwa ndi kumanga nsalu pamphumi kuti malovu ndi thukuta zisagwere mumtanda, pakhale munthu woingitsa ntchentche, ndiponso momwe angagwirire ogulitsa mankhwala osakaniza ndi zinthu zabodza. Ntchito imene lero timaiyembekezera kwa Malawi Bureau of Standards, bungwe lokhazikitsidwa mu 1972, ndi ya mtundu womwewo.

Tibwerere ku chigamulo cha 1932, tione mmene chidafikira kuno. M'chaka chimenecho dziko lathu linali Nyasaland, ndipo Mangochi ankatchedwa Fort Johnston. Kuyambira mu 1902, lamulo la atsamunda lidakhazikitsa High Court ndi kulamula kuti iziweruza motsatira malamulo a ku England. Mlandu wa nkhono unali wa ku Scotland, koma oweruza a ku London adanena kuti pa mfundo imeneyi malamulo a maiko awiriwo ndi amodzi. Mu 1935 bwalo la Privy Council, limene linkamva ma apilo ochokera m'maiko olamulidwa ndi Britain, lidagwiritsa ntchito mfundoyo pa mlandu wa Dr Grant wa ku Adelaide ku Australia, amene adadwala kwambiri nthenda ya pakhungu chifukwa cha mankhwala otsalira m'zovala zamkati zaubweya zimene adagula. Kuchokera pamenepo mfundoyo idafalikira kulikonse kumene malamulo a Angerezi adafika. Titalandira ufulu mu 1964 sitidaitaye. Mpaka lero dzina la Donoghue ndi Stevenson limamveka m'makhoti a ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu pa milandu ya kusasamala, ndipo wophunzira zamalamulo aliyense amakumana nalo m'zaka zake zoyamba.

Chigamulocho chinali ndi polekezera. Wodandaula ankayenerabe kuonetsa kuti wopangayo sadasamale, ndipo zimenezi n'zovuta kwa munthu amene sadapondepo m'fakitale. Kufooka kumeneku kudaonekera poyera ndi mankhwala a thalidomide, opangidwa ndi kampani ya ku Germany ya Chemie Grünenthal, amene adayamba kugulitsidwa mu 1957 ndipo amayi oyembekezera ankamwa kuti aletse mseru ndi kusowa tulo. Pofika mu 1961 pamene adachotsedwa pamsika, ana oposa 10,000 m'maiko osiyanasiyana anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yosakula. Mabanja a ku Britain adatha zaka zoposa khumi akulimbana kuti alandire chipukuta misozi chooneka. Chifukwa cha zowawa ngati zimenezi, mu 1985 maiko a ku Ulaya adagwirizana kuti wovulala azingoonetsa kuti katunduyo anali ndi chilema ndipo chilemacho ndicho chidamuvulaza, popanda kufufuza amene adalakwitsa m'fakitale. Britain idaika zimenezi m'lamulo lake mu 1987. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, mu 2003.

Koma lamulo la papepala silitsekula botolo. Mu 2022 ku Gambia, dziko laling'ono la kuzambwe kwa Africa limene anthu ake ambiri ndi Asilamu anzathu, ana pafupifupi 70 adamwalira impso zitasiya kugwira ntchito. Pa 5 Okutobala chaka chimenecho bungwe la World Health Organization lidachenjeza za mitundu inayi ya mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine opangidwa ndi kampani ya ku India ya Maiden Pharmaceuticals, ponena kuti mudapezeka diethylene glycol ndi ethylene glycol, mankhwala a m'mafakitale amene ndi poizoni kwa munthu. Kampaniyo idakana kulakwa. Mu 2023 mabanja ena adakasuma ku High Court ya dzikolo, kusumira kampaniyo, woitanitsa mankhwalawo, ndi nthambi za boma zoyang'anira zaumoyo. Botolo la ku Paisley lidayenda mtunda wosakwana makilomita awiri. Mabotolo a ku Gambia adaoloka nyanja zamchere, ndipo mayi amene ankamwetsa mwana wake ndi supuni sakanatha kutchula ngakhale dzina la tauni kumene adapangidwira.

Pali chizolowezi china pakati pathu chimene tiyenera kuchitchula mosabisa. Ngozi yotere ikagwa pakhomo, timafulumira kunena kuti ndi qadar, n'kutaya botolo kudzala, nkhani n'kuthera pa maliro. Zoonadi palibe chochitika kunja kwa chikonzero cha Allah, ndipo kupirira kuli ndi malipiro ake. Koma Qur'an yomweyo imene imatiphunzitsa qadar ndi imene, mu Surat an-Nisa ndime 92, idalamula diya, dipo loperekedwa kwa abale a munthu wophedwa mwangozi, n'kuwasiyira iwowo ufulu wokhululuka ngati afuna. Kukhululuka ndi kwa mwini, ndipo munthu amakhululuka chimene akudziwa kuti ndi chake. Kungokhala chete chifukwa cha mantha kapena kusadziwa ndi chinthu china. Ndipo pamene banja limodzi lakhala chete, katundu yemweyo amakhala akadali pashelefu kudikira mwana wa mnansi. Chimene makhoti amafuna si chachilendo: chinthucho chisungidwe pamodzi ndi chitsekerero ndi pepala lake, risiti ngati ilipo, ndiponso buku la kuchipatala lolembedwa tsiku ndi zimene adokotala adapeza. Madandaulo amalandiridwa ku Malawi Bureau of Standards ndi ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo kwa amene ali ngati May Donoghue, osakwana mapaundi asanu, kuli Legal Aid Bureau.

Ndiponso tisadziike kumbali ya wodandaula yokha. M'mbali mwa nyanja muno ambiri a ife ndi a Stevenson ang'onoang'ono. Mayi wothira thobwa m'mabotolo otoleza, mnyamata womanga mafirizesi ndi madzi a pamjigo kapena a m'nyanja, wamalonda woyanika usipa amene ukadyedwe ku Limbe ndi ku Lilongwe ndi anthu amene sadzawaona, onsewa amatulutsa katundu amene wogula sangadziwe za mkati mwake pongoyang'ana. Amene angawaze mankhwala ophera tizilombo pa nsomba zouma kuti zisafumbwe, kapena kugulitsa parafini m'botolo la chakumwa limene mwana angalitenge ngati madzi, wakumba chitsime panjira, ngakhale sadzamva kulira kwa wogweramo.

Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo wa May Donoghue udatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Chigamulo cha ku London sichidanene kuti Stevenson ndi wolakwa. Chidangonena kuti ngati zimene mayiyo akunena zili zoona, lamulo limulola kusuma, ndipo mlanduwo udabwezedwa ku Scotland kuti mboni zikamvedwe. Mbonizo sizidamvedwe. David Stevenson adamwalira pa 12 Novembala 1932, patangotha miyezi yosakwana isanu ndi umodzi, ndipo mu 1934 oyang'anira chuma chake chamasiye adagwirizana ndi mayiyo kunja kwa khoti pa mapaundi 200. Chotero palibe khoti limene lidagamulapo ngati m'botolomo munalidi nkhono. May Donoghue adapitiriza moyo wake waumphawi ku Glasgow, ndipo adamwalira mu Malichi 1958 m'chipatala cha Gartloch, kumene ankasungirako odwala matenda a maganizo. Nyumba ya Wellmeadow Café idagwetsedwa. Mu 1990 maloya ndi oweruza, ambiri a iwo ochokera ku Canada, adasonkhana ku Paisley n'kuika mwala wachikumbutso pamalo pamene idali.